Ndinanamizira madzi a m'nyanja

Abiti Saidi, mayi wogulitsa usipa ku Monkey Bay, anabwera ku saluni kwanga tsitsi litafiira ngati njerwa. Ankafuna lidenso ukwati wa mwana wawo usanafike.

"Simuyamba mwayesa pang'ono kuseri kwa khutu?" anandifunsa.

Ulesi unandigwira. "Mayi, dayi ameneyu ndimamudziwa," ndinatero. Sindinafunse n'komwe zomwe anapaka poyamba.

Atabweranso patapita masiku awiri, m'mutu munali zilonda, tsitsi likuthothoka. Ndinawayang'ana ngati dokotala, n'kunena kuti vuto ndi madzi a m'nyanja.

Anandikhulupirira. Paukwati sanavule duku. Mpaka lero madzi otsukira m'mutu amakatunga kumjigo, kutali ndi kwawo, ndipo tikakumana pamsika amandithokoza chifukwa cha malangizo.