Anayeza Munda Wanga Dimba Lili Pansi pa Madzi

Linali Lachinayi, nthawi ya 9 koloko m'mawa, sabata yachiwiri ya mwezi wa Malichi, pamene anthu oyeza malo anaima pakhomo panga. Panali patapita masiku khumi ndi limodzi chiikireni amuna anga m'manda. Tsiku limenelo ndinalakwitsa, ndipo mpaka manje mtima sunakhale pansi. Ndinalola munthu wina kukayenda m'malire a munda wanga ine ndili m'nyumba, ndipo sindinatsegule pakamwa kunena za dimba. Inu owerenga, makamaka azimayi anzanga amasiye, ndimvereni bwino.

Ndimakhala kumudzi kwa amuna anga kufupi ndi Tembwe, ndi ana anayi. Tili ndi munda wa chimanga kumtunda, ndipo kumunsi kwake, potsikira kumtsinje, kuli dimba. Munda wakumtunda ndi wa makolo a malemu. Dimba tinatsegula tokha awiri, titapempha kwa akuluakulu a mudzi, mwana wathu woyamba ali kumsana. Panali bango lokhalokha. Amene anakhalapo kuno kuchigwa akudziwa kufunika kwa dimba. Chaka chimene njovu zalowa m'munda wakumtunda, kapena mvula yadula msanga, chimanga cha m'dimba ndicho chimatifikitsa ku zokolola zina. Koma kuyambira Januwale mpaka Epulo dimbalo silioneka. Madzi amadzaza ponseponse, kumangotsala nsonga za nthochi zimene tinabzala m'malire.

Nkhani yoyeza malo inalengezedwa pamsonkhano ine ndili kuchipatala kudwazika amuna anga. Ndinangomva kuti kubwera anthu oti aliyense alembetse munda wake ndi kulandira pepala. Anabwera awiri, mwamuna ndi mkazi. Mwamunayo ananyamula ndodo yaitali yokhala ndi kambale koyera pamwamba, mkaziyo anali ndi foni yaikulu ngati buku. Mkaziyo anagwada pakhomo, anapepesa maliro, kenako anafotokoza kuti mwini munda ayenera kuyenda nawo m'malire. Pamene mwiniyo waima n'kunena kuti apa ndi pangodya, iwo amaimika ndodo ija, makina n'kulemba.

Apongozi anga aakazi anali nane pamphasa, ndipo anayankha ndi iwo.

"Uyu sanamete. Sangaponde m'munda."

Kuno kwathu mkazi wamasiye sapita kumunda mpaka atametedwa, ndipo salankhula zambiri pamaso pa alendo. Sindikunyoza mwambo, ine ndemwe ndinkauopa. Mkazi woyeza malo uja anati mawa lake achoka kupita ku Chikwa, ndiye anafunsa ngati pali wachibale wodziwa malire. Alamu anga a Yotamu, mng'ono wawo wa malemu, anadzipereka. Ndi munthu wabwino, ndipo ndi iwo amene anaumirira kuti papepalapo palembedwe dzina langa ndi la ana. Koma anachoka pamudzi kalekale, amagwira ntchito ku Lundazi, anangobwerera maliro. Malire amene ankadziwa ndi a nthawi ya bambo awo, dimba lisanakhalepo.

A Yotamu ali kuvala nsapato, mawu anafika pakamwa panga oti, alamu, musaiwale kumunsi kuja. Ndinayang'ana apongozi, ndinayang'ana alendo, n'kuweramitsa mutu. Mumtima ndinati, ndani m'mudzi muno amene sadziwa kuti dimba lija ndi langa?

Anabwerako dzuwa lili pamutu, matope mpaka m'maondo. Mkazi uja anandionetsa chithunzi pafoni yake, chobiriwira, chokhala ndi mzere wofiira wozungulira. Anafunsa ngati munda wanga ndi womwewo. Ine maso anali otupa ndi kulira, ndipo munda sindinauonepo kuchokera kumwamba. Ndinangoti inde, n'kudinda chala.

Mpata wachiwiri ndinautayanso ndekha. M'mwezi wa Meyi anapachika mapu aakulu kusukulu, n'kulengeza kutchalitchi kuti aliyense akaone ngati munda wake walembedwa bwino, ndipo wodandaula anene mwezi usanathe. Nthawi imeneyo ndinali nditametedwa kale, palibe chimene chinkandiletsa. Koma sukulu ndinalekera giredi 4, ndimawerenga mochedwa, ndipo ndinachita manyazi kukaima pamaso pa aphunzitsi ndikulondola zilembo ndi chala. Ndinalinso ndekha pokolola. Ndinkangoti ndipita mawa, mpaka mapu anachotsedwa.

Kumayambiriro kwa Juni, nthaka itauma bwino, ndinatenga khasu ndi mbewu kupita kudimba. Ndinapeza a Mvula, amene munda wawo unagundana ndi wathu, akulima ndi akazi awo pakati penipeni.

"A Mvula, mwasokera kodi? Muno ndi mwanga."

Anatsamira khasu. "Pepani ndi maliro, mayi. Koma ine ndikulima momwe pepala langa likunenera. Lanu likuthera pamkuyu paja. Kaliyang'aneni bwino."

"Nanga nthochi izi munabzala ndinu?"

"Nthochi ndi za madzi izi. Amabwera nazo n'kuzisiya pomwe afuna."

Akazi awo sanadzutse mutu. Ndi munthu amene kwa zaka zambiri ndinkamugawira mbande za tomato m'dimba lomwelo.

Ndinadzamva pambuyo pake mmene zinayendera. A Mvula kunalibe m'Malichi, ndiye munda wawo unayezedwa kumapeto kwa Epulo, pamene oyeza anabweranso kudzamalizitsa otsala. Madzi anali ataphwera. A Mvula anaona kuti mzere wanga wathera pamkuyu, pomwe alamu anga anakumana ndi madzi n'kubwerera, ndipo iwo anazungulira ndi ndodo ija dimba lonse. Nditawaimbira foni a Yotamu, iwo anati, "Mlamu, ine ndinaona madzi okhaokha. Bwanji simunandiuze?"

Ndinakwera lole ya thonje kupita ku Boma, ndipo mwamwayi ndinamupeza mkazi woyeza malo uja. Anandikumbukira. Anatsegula chithunzi chija, n'kuchikuza ndi zala mpaka ndinazindikira mkuyu, njira ya kumtsinje, ngakhale mzere wa nthochi zanga. Zonse zinali kuoneka bwinobwino, koma mkati mwa mzere wa munthu wina.

"Amai," anatero, "makina awa sadziwa kuti munda ndi wa ndani. Amalemba pomwe mwendo waponda. Mukananena mawu amodzi okha tsiku lija, tikanalemba kuti pali gawo lili m'madzi, tidzayeze chilimwe."

Anandiuza kuti zingakonzedwe, koma nthawi yodandaula inali itadutsa, ndiye njira yake ndi yaitali. Payenera kukhala ine, a Mvula, akuluakulu a mudzi ndi mboni, tonse titaima m'dimbamo, ndipo oyeza ayezenso pamaso pathu. Analemba dzina langa n'kunena kuti akamaliza ku Chifunda abwera. Tsiku sananene.

Apa ndi pamene pali mantha anga. Akuluakulu amene anatipatsa malowo anamwalira. Amuna anga anamwalira. Anthu ambiri akudziwa zoona, koma a Mvula ali ndi abale ochuluka m'mudzi muno, ndipo ine ndine wobwera. Amene analonjeza kuti adzaima n'kunena poyera ndi a Nyakumwenda okha, amene anatithandiza kuzula bango chaka chija, koma akudwala chifuwa, masiku ena sadzuka. Ndikamva kuti agonekedwa kukiliniki, ndimasiya chilichonse n'kuthamangirako, ndipo ndimachita manyazi chifukwa sindidziwa ngati ndikudera nkhawa moyo wawo kapena dimba langa.

Podikira, akuluakulu a mudzi anagamula kuti a Mvula andisiyire mizere khumi kumbali ya nthochi. Mizere khumi siingadyetse ana anayi, ndipo chaka chino njovu zinadya mbali ina ya munda wakumtunda. A Mvula akumba chitsime kumbali yawo, abzalanso nzimbe, kuti oyeza akadzabwera adzaone ngati akhalapo kale. Manje tili mu Novembala, mitambo yayamba kusonkhana. Oyeza akapanda kufika Januwale asanakwane, madzi adzaphimbanso zonse, ndipo palibe amene adzaime m'dimbamo mpaka chilimwe cha chaka chamawa. Sindidziwa ngati a Nyakumwenda adzakhalepo.

Inu owerenga, oyeza malo akafika kwanu, yendani nokha m'malire anu. Ngati mwambo kapena matenda akuletsani kutuluka, pakamwa sipanatsekedwe: nenani ngodya iliyonse, mtengo uliwonse, ndi malo amene tsikulo sakuoneka chifukwa cha madzi kapena udzu. Musatume munthu chifukwa choti ndi wachibale wabwino, tumani amene anagwirapo khasu m'mundamo. Musadinde chala pa chithunzi chimene simunachimvetse. Auzeni achikuze mpaka muone mtengo umene mukuudziwa. Ndipo mapu akapachikidwa, pitani, ngakhale mumawerenga mochedwa ngati ine. Manyazi anga a tsiku limodzi akanatha madzulo ake omwewo. Kwa inu apongozi ndi alamu, wamasiye akakhala chete musaganize kuti alibe chonena. Mufunseni.

Manje m'mawa uliwonse ndimathirira mizere yanga khumi, kenako ndimadzera kwa a Nyakumwenda kukawaphikira phala. Lolemba lililonse ndimapita kusukulu kukafunsa aphunzitsi aakulu ngati kwafika uthenga wa tsiku loyezanso.