Chidebe cha anthu a ku Britain

Amayi atabwera ku Woolwich, ku Britain, kudzaona ndikulandira digiri, anatsika ndege ndi chidebe chodzaza mtedza, chomangidwa ndi chitenje. Ndinachizindikira. Chinali chija anawagawira pamene madzi anasefukira kwathu ku Ntcheu, chokhala ndi mbendera pambali ndi mawu akuluakulu onena kuti ndi mphatso yochokera kwa anthu a ku Britain.

"Mbale sibwerera yopanda kanthu," iwo anatero. "Undiperekeze kwa eni ake."

Ndinayesa kuwalongosolera kuti mawuwo si keyala. Boma la Britain limangofuna kuti chilichonse chimene latumiza kunja chizilembedwa, wolandira adziwe womuthokoza. Ndinawauzanso kuti masiku amenewo aphungu ankakangana pa wailesi za kukula kwa mbenderayo.

"Ndiye kuti akudikira zikomo. Ine nzika ya Ntcheu ndizingodya za anthu ngati galu?"

Apa ndinagwira njakata. Amayi anali atalumbira kuti sakwera ndege yobwerera chidebecho chisanaperekedwe, ndipo amayi anga akalumbira ndiye kuti zatha. M'basi ankayang'ana mzungu aliyense n'kundigunda m'nthiti: "Uyu bwanji?" Woyendetsa basi anamukana chifukwa anali wa ku Ghana. Mayi wogulitsa nsomba pamsika anamukananso, ati nkhope yake si ya munthu wopatsa. Ine manyazi ankandigwira moti ndinayamba kukhala mpando wina.

Mapeto ake anasankha okha: bambo wokalamba wokhala pansi pa fulati yanga, amene kwa zaka ziwiri ankangondilankhula za zinyalala. Bamboyu ndinkamudziwa bwino. Ndi yemwe ankadandaula pamasitepe kuti msonkho wake ukuthera kumayiko amene sangawaloze n'komwe pamapu.

"Amayi, uyu ayi. Ndi complainer, adzatiyitanira council," ndinatero.

"Wodandaula ndiye mwini katundu. Tiye."

Tisanatsike, anandipempha cholembera chakuda chonenepa. Pansi pa mbendera ija analemba mwa zilembo zawo zokhotakhota: KUCHOKERA KWA ANTHU A KU NTCHEU. "Ngati lamulo lawo likuti wopatsa azidzilemba, nafenso tidzilembe," anatero, akuuzira inki kuti iume.

Bamboyo anatsegula chitseko atavala masokosi osiyana. Amayi anagwada pakapeti wa m'khonde n'kuyamba kuthokoza monga amachitira pachinkhoswe. Anatchula chidebe, bulangete, ngakhale sopo amene anawatupitsa khungu. Ine ndinkamasulira, koma za sopozo ndinazimeza.

Iye anawerenga mawu a boma lake, kenako a amayi. Anandifunsa ngati tikugulitsa. Nditati ayi, anafunsa ngati ndi za tchalitchi. Nditatinso ayi, makutu ake anafiira. Anati chibadwire palibe dziko limene linamutumizirapo kanthu.

"Akuti chiyani?" amayi anafunsa.

"Akuti zikomo."

"Anyamule ndione."

Bamboyo anayesa ndi dzanja limodzi, chidebe osasuntha. Anawerama, nachigwira mbali zonse ziwiri, nachikumbatira pachifuwa akubuula. Ine amene ndinali nditathawa amayi anga m'basi sabata yonse, misozi inalengeza m'maso.

Amayi anadzuka, nasansa mawondo, n'kumuyang'ana mokhutira.

"Waona? Walandira ndi manja awiri. Analeredwa ameneyu."