Yewo Wanga Anandidyera Mwana

Mphunzitsi wa zamasewera uja ndikamuona pamsika wa pa Boma mpaka lero ndimalavula. Akhululuke Mulungu, ine ayi.

Ndinakwatiwa kufupi ndi Manyamula kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo Chitumbuka chinandikana. Chomwe ndinagwira ndi yewo basi. Moni yewo, kuthokoza yewo, pomwe sindinamve yewonso. Bambo a kunyumba anali ku Joni, ine ndili ndi mwana wanga wamkazi wa sitandade 8, wamtali ngati nsungwi, katswiri woponya pa mpira wa ntchemberembaye.

Tsiku lina mphunzitsiyu, wa sukulu ina ya pa Boma, anatulukira pa njinga yamoto ine ndikusenda chinangwa. Anayankhula Chitumbuka chothamanga, kuloza mwana, kuseka, kulozanso mwana. Ndinangotolapo mawu akuti kubwereka. Poti mlendo sumuyang'ana duu ngati chitsa, ndinati yewo. Mwanayo anali atamva zonse, koma mtima unali kale pa Boma, ndiye anandiuza kuti ndi za masabata awiri.

Masabata awiri ake ati! Anamusamutsa sukulu, n'kumusunga kwa mlongo wake wa mphunzitsiyo, komwe ankatsuka mbale m'mawa, masana n'kukaponya mpira. Aphunzitsi aakulu akwathu kuno anasiya kundipatsa moni, ati ndagulitsa mwana amene anamuphunzitsa okha.

Mpikisano utatha, chikho atatenga, anandibwezera mwana pa kabaza, bondo litatupa. Khasu lobwereka munthu amabweza lili ndi mpini wake, koma awa ayi. Choipitsitsa chinali mayeso. Ku sukulu ya kwathu kuno anati anachoka, sanamulembetse. Ku Boma anati anali wongobwereka, sanamulembetsenso. Anzake akulemba, wanga anali pakhonde akuthowa bondo ndi madzi otentha.

Ndinapita ku Boma nditamanga nsalu m'chiuno. Ndinamupeza mphunzitsi uja pabwalo akuimbira wezulo ana a eni ake ena, ndipo ndinamutsanulira zonse, kuti ndi wakuba, wopanda manyazi, wodyera pa miyendo ya ana. Apa Chichewa anachidziwa bwinobwino, choyera kuposa changa.

"Amayi, paja munavomera nokha. Munati yewo."

Mwanayo anakana kubwereza kalasi, ati anzake amuseka, ndipo chaka chotsatira anakwatiwa. Pano Chitumbuka ndimachimva chonse, kutukwana komwe ndimatha. Koma liwu la yewo lija silinatulukenso pakamwa panga, ngakhale pondipatsa madzi akumwa.