Chikhadabo cha Agogo ndi Chimbale cha Buleki

Fungo la mabuleki otentha likandipeza, basi ikamaima pa siteji, amene amandibwerera m'maso ndi agogo anga a Zuze atagwada pa thumba lakale pabwalo la nyumba yathu ku Matero, mutu uli kuseri kwa tayala, utsi wa malasha a pambaula ukuwadutsa pamsana. Anachokera ku Dowa ali mnyamata, nawoloka malire kudzakhala m'dziko lino. Pa zaka zimene ndikunenazi, dziko likadali m'manja mwa azungu, anali dalaivala wa mzungu wina wa m'tauni, ndipo ine ndinkaleredwa ndi iwo. Galimotoyo inali yakuda, yaitali, ya mipando yachikopa. Loweruka akakasiya bwana ku gofu, ankadzera nayo kwathu kuti aiyang'ane kunsi.

Chikhadabo cha chala chawo chachikulu sankachiwenga. Anzanga ankati n'chotapira fodya wa m'mphuno, koma chinali chida cha ntchito. Galimotoyo inali ndi mabuleki a mtundu watsopano: chimbale chachitsulo chozungulira pamodzi ndi tayala, ndi mapadi awiri ochipana uku ndi uku. Mapadiwo ankawayeza ndi timitengo ta machesi. Akapyapyala kufika pa timitengo tiwiri, ankauza bwana kuti asinthidwe, ndipo m'misewu ya fumbi ija sankachedwa kutha. Chimbale chinkakhalitsa, mapadi angapo ankathera pa chimodzi, koma nacho chinali ndi tsiku lake. Ankachiyendetsa chikhadabo pang'onopang'ono, atatsinzina, kumvetsera mizere yake.

"Maso amakhulupirira zonyezimira," ankatero. "Chikhadabo ayi."

Chaka china bwana anakonza zopita ndi mkazi wake ndi ana awiri kukaona damu latsopano ku Kariba, njira yotsika mapiri mokhotakhota. Kutatsala sabata, chikhadabo chinakodwa pa kamng'alu pa chimbale chakutsogolo. Kugalaja anati mapadi alipo, koma chimbale chiyenera kubwera pa sitima yapamadzi kuchokera ku Mangalande, miyezi ingapo. Bwana anati mapadi atsopano akwanira. Agogo anati sayendetsa.

Nyumba ya ku Matero inali ya khansolo, yopatsidwa kudzera mwa bwana. Ntchito ikatha, nyumba nayo inkatha. Agogo aakazi, a Nabanda, ankadziwa zimenezi bwino.

"Ndiye inu ndi kachikhadabo kanuko mukudziwa kuposa amene anaipanga galimotoyo?" anawafunsa.

"Amene anaipanga sanaione Loweruka lino."

"Kayendetseni pang'onopang'ono, basi."

"Potsika phiri, pang'onopang'onoyo amachokera ku buleki, mayi. Kumbuyo kudzakhala ana awiri."

"Nanga kuno kulibe mwana?" anatero a Nabanda, akundiloza ndi mlomo.

Lolemba agogo a Zuze anakapereka makiyi ndi chipewa.

Bwana analemba dalaivala wina. Anapita ku Kariba, anaona damu, nabwerako bwinobwino, opanda ngakhale kuphulika tayala. Ife mwezi utatha tinakweza katundu pa ngolo kupita ku Kanyama, kumene agogo anaumba njerwa zadothi namanga zipinda ziwiri pamalo odikha madzi. Anayamba kukonza njinga. A Nabanda sanaiwale. Mvula ikalowa m'nyumba, ankagwira beseni n'kunena kuti, "Itanani chikhadabo chija chidzakape madziwa." Agogo ankangonyamuka n'kutenga beseni lina.

Tsiku lina kunabwera makaniko wa kugalaja kuja, atamanga kanthu kolemera pa njinga.

"Ba Zuze, vinsimbi va buleki va ku Mangalande vinafika, tachinja. Ichi chanu tenze tifuna kutaya chabe."

"Mng'alu munauona?"

"Tinauona. Nanga motoka si inayenda?"

Agogo anathokoza, nalandira chimbale chong'aluka chija. Kachalichi kathu ka ku Kanyama kanalibe belu, choncho anachimangirira chimbalecho ndi waya pa nthambi, nachimenya ndi bawuti. Kulira kwake kunali kosasa, kofupika, monga chimachitira chitsulo chong'aluka. A Nabanda atamva anati ngakhale belulo likuchita manyazi. Komabe ankalimvera, ndipo sankachedwa ku mapemphero.

Onse awiri anapita kalekale. Mkazi wanga nayenso anatsogola, ndipo tsiku la maliro ake anthu anaitanidwa ndi chimbale chomwecho. Mtengo uja unadulidwa, chalichi n'cha simenti tsopano, chimbale chili pa nsanamira yachitsulo, ndipo wochiliza ndine. Ana anga akafunsa ngati agogo analakwa kapena anakhoza, ndimati sindidziwa. Galimoto inabwerako, ndipo ife tinagona m'madzi zaka zambiri. Mng'alunso unalipo.

Lamulungu lililonse, ndisananyamule bawuti, ndimayendetsa chikhadabo pa chimbalecho, ndipo chimakodwa pamalo omwe aja. Mng'aluwo watalika, watsala pang'ono kufika pakati. Sichinaswekebe.