Masiku Khumi ndi Atatu a Mayi Dumitra

Dumitra anawaona koyamba a Ilarion Lamulungu lina ku Padova, mzinda wa ku Italy, pabwalo pamene minibasi za ku Moldova zinkanyamulira katundu wopita kumudzi. A Ilarion anali atakhala pa kampando kopinda, chikwama pamiyendo, rula yamtengo m'manja. Kwawo ku Moldova anali mlembi wa m'mudzi. Ku Italy ankasesa m'nyumba zosanja, koma Lamulungu linali loona mapepala a anzawo.

Tsikulo maso a Dumitra anali psuu. Mwana wake wamkazi ankakwatiwa ikatha Pasaka, koma woyendetsa minibasi anali atamuchenjeza kuti tsiku lobadwa la pa chiphaso chake chokhalira ku Italy likusiyana ndi la pa pasipoti. Kupita akanapita, koma pobwerera akanamubweza pamalire, ntchito yake yosamalira nkhalamba n'kuthera pomwepo.

A Ilarion anagoneka rula pa chiphasocho, n'kumaitsitsa mzere ndi mzere.

"Mayi, munabadwa kangati?"

"Kamodzi, bambo inu. Kukanakhala kawiri amayi anga akanadandaula."

"Apa mwabadwa pa 26 Okutobala, apa pa 8 Novembala. Ku ofesi munawauza chiyani?"

"Chitaliyana ndinali ndisanachidziwe. Womasulira atandifunsa ndinati tsiku la Dumitru Woyera. Nanga dzina langali linachokera kuti?"

"Womasulirayo anali wa kuti?"

"Wa ku Romania."

Mkuluyo anaseka mpaka magalasi kutsetsereka pamphuno. "Ndiye basi! Kwawoko Dumitru Woyera amalawirira. Ife a ku Moldova, a kalendala yakale ya tchalitchi, timamulandira patatha masiku khumi ndi atatu. Pukutani misozi, mukavina paukwatipo."

Analemba kalata mwaluso lake lakale, namuperekeza ku ofesi ya alendo katatu konse. Ankaima pamzere kuyambira mbandakucha, akunyemerana mkate wa tchizi umene Dumitra ankaphika. Ulendo woyamba anawauza kuti abwere sabata yamawa. Wachiwiri mlembi wa pawindo anangokweza mapewa. Wachitatu a Ilarion anatenga makalendala awiri a tchalitchi, wa ku Romania ndi wa kwawo, nawayala pambali pa pasipoti, rula pansi pa dzina la woyera uja. Sanakweze mawu. Ankati amene walakwitsa ndi cholembera sumuchititsa manyazi, umangomuonetsa mzere. Mlembiyo anayang'ana uku ndi uku, naitana mnzake, onse n'kuseka, chidindo n'kugwa.

Chiphaso chatsopano chinatuluka kutatsala masiku asanu kuti ukwati uchitike. Dumitra anakavinadi. Pobwerera anadutsa pamalire bwinobwino, atanyamula botolo la vinyo wa paukwati, limene anakaliika pamiyendo ya a Ilarion.

Onse awiri anali amasiye: Dumitra anaferedwa mwamuna, a Ilarion mkazi. Patapita zaka ziwiri anakwatirana, ndipo mawondo atayamba kukana ntchito anabwerera kumudzi kukadzala mphesa kuseri kwa nyumba. Chaka chilichonse a Ilarion ankathyolera mkazi wawo maluwa kawiri, mu Okutobala ndi mu Novembala.

"Nkhalamba iwe, ukundikalambitsa msanga," Dumitra ankatero, maluwawo akuwaika m'madzi.

Maso a mkuluyo anachita khungu pang'onopang'ono. Monga amachitira achikulire a kumeneko, anaitanitsiratu mwala wa pamanda akadali moyo, wolembedwa maina a onse awiri ndi masiku obadwa, a imfa n'kuwasiyira malo. Mmisiri atauimika, a Ilarion anaumirira kukauona. Dumitra anawagwira mkono mpaka pamenepo. Mkuluyo anagwada movutikira, natulutsa rula ija m'thumba, naigoneka pamwala, chala chikufufuza manambala limodzilimodzi.

"Mwapezapo chiyani, a mlembi?" anafunsa Dumitra.

"8 Novembala. Zili bwino, mkazi wanga. Pamalire a kumwambako sakakubweza."

Dumitra anawadzutsa, nawasansa fumbi m'mawondo, nabwerera kunyumba kukathirira mphesa.