Mabowo Awiri Pakhoma la Eni Ake

Bambo anga anaboola khoma la nyumba ya eni ake ine nditapita kukaoda tomato ku msika wa ku Mbare. Pobwerako masana ndinapeza mabowo awiri, lina m'munsi, lina pafupi ndi denga, fumbi la njerwa lili mbuu pabulangete. Iwo anali phee pampando, akupukuta tchizulo.

Tinali maloja, ochita lendi, ku Kuwadzana, m'chipinda chimodzi cha kumbuyo. Mwini nyumbayo anali mayi wina wamasiye amene ankakhala kwa mwana wake ku Sunningdale, n'kumabwera Loweruka lililonse kudzayendera. Lamulo lawo aliyense ankalidziwa: ukakhoma msomali pakhoma, longedza. Banja limene linalimo ife tisanalowe linachoka chifukwa cha shelefu. Ndiye tangoganizani mabowo oti mutu wa mwana n'kulowa.

"Bambo, mwatani kodi? Tikagona kuti akatithamangitsa?"

"Ndatopa nayo mbaula yakoyo," anatero. "Ukufuna udzandipeze nditauma?"

Sankanama. Juni wa chaka chimenecho anali waukali, magetsi ankangozima, ndipo chifuwa chawo chinkamveka mpaka kwa aneba. Mbaula ya makala inkangofunditsa mawondo, mutu n'kumawawa, ndipo pogona ndinkaitulutsa poopa kuti ingatiphe.

Bambo anakulira pa pulazi ya fodya, ndipo ntchito yawo mpaka tsiku limene tinachotsedwako inali yosonkha moto m'mabalani oumitsira fodya. Kumeneko moto umakhala kunja. Utsi umadutsa m'paipi m'kati mwa balani n'kukatulukira kwina, m'kati n'kungotsala kutentha kokhakokha. Ndiye iwo anaona kuti chipinda chathu n'chimodzimodzi balani, fodya wake ndife. Mnzawo wakale wa ku pulazi, amene tsopano amawotcherera zitsulo, anali atawapatsa theka la mgolo ndi mapaipi, ine osadziwa.

Anamanga masiku awiri. Ng'anjo anaiika kunja, kutsamira khoma, n'kuimata ndi dothi ndi zidutswa za njerwa. Paipi inalowera bowo la m'munsi, n'kuyenda m'mbali mwa bedi lawo, n'kukwera kukatulukira m'mwamba. Dothilo ndinkaponda ndine, ndikung'ung'udza, chifukwa khoma linali litabooka kale ndipo kukwiya sikukanalitseka.

Lachinayi anayatsa. Ndinkafunitsitsa chinthucho chitakanika kuti ndipeze ponenera, koma ayi ndithu. M'chipinda munafunda ngati mwezi wa Okutobala, utsi osamveka n'komwe. Bambo anadzuka Lachisanu osatsokomola, mpaka anandiseka kuti mwana wa ku pulazi akuopa paipi. Ine sindinaseke nawo. Ndinkawerenga maola.

Loweruka m'mawa ndinawachonderera kuti tizule paipiyo, mabowo tibise ndi kalendala, ng'anjo tiifunditse masaka.

"Ukazula, dothi ling'aluka," anayankha. "Komanso sindinabe kanthu ine." Atatero anaponyamo chikuni china.

Geti linalira cha m'ma leveni. Mayi aja analowa ndi chikwama chawo chakuda, n'kuima. Anayang'ana utsi umene unkatuluka pansi pa denga lawo. Moni wanga sanayankhe. Anazungulira kumbuyo, anawerama, anagwira m'mphepete mwa bowo, n'kuyang'ana chala chawo.

Kenako analowa m'chipinda, n'kukhala pampando wa bambo. Patapita kanthawi anavula juzi.

"Sekuru," anatero kwa bambo, kuwatchula agogo m'Chishona chawo chodekha, "utsi uli kuti muno?"

Bambo anayamba kufotokoza, ndipo sanathe msanga. Anawaonetsa polowera mpweya, pochotsera mwaye, ndi mmene amayesera kutentha ndi kuseri kwa dzanja. Ine ndinkawatsinzinira kuti asiye, iwo osandiona. Kuyambira pamene tinachoka ku pulazi ndinali ndisanawamvepo akulankhula monyadira chonchi. Mayi aja anafunsa kuti imadya nkhuni zingati patsiku, bambo n'kuwaonetsa ndi mikono. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

"Mwawononga khoma langa," anatero mayiwo. "Wina ndikanamutulutsa lero lomwe. Koma inu ndinu wamkulu. Amayi anga ali kumudzi, miyendo ikuwavuta ndi chisanu. Ndiwabweretsa muno sabata yamawa. Inu mulowa m'kabini."

Kabiniyo inali kanyumba kamatabwa ka pafupi ndi mpanda, kosungiramo makasu, kamene mphepo inkalowa mbali zonse. Ndinagwada n'kuwomba m'manja kuthokoza, chifukwa sanatiponye pamsewu. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira mmene ndinathokozera.

Tinasamuka Lolemba. Mipata ya matabwa ndinatseka ndi makatoni, mbaula n'kubwerera pakhomo, chifuwa nachonso n'kubwerera. Gogo wa kumudzi uja atafika, panalibe wodziwa kuyatsa ng'anjoyo. Aliyense woyesa ankaidzaza nkhuni mpaka kukamwa, utsi n'kubwerera, gogoyo n'kumatsokomola m'katimo. Ndivomere, ine zinkandikomera.

Tsiku lachitatu ndinaona bambo akuvala jasi m'mamawa.

"Asiyeni, bambo. Atilanda chipinda, tiwasonkherenso moto?"

"Gogo uja walakwa chiyani?" anatero. "Akapitiriza chonchi apsereza paipi."

Anasonkha moto umenewo chisanu chonse, m'mawa ndi madzulo, popanda wowatuma. Ndinkawaona ndikulongedza tomato m'beseni, atagwada panja pa mame, akukankhira chikuni m'kati. Moto ukagwira ankatsamiritsa msana pakhoma lofundalo kwa kanthawi, maso atatseka, kenako n'kubwerera kukabini akutsokomola.