Tsiku Limene Anandibwereka Kukanyamula Chitini

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amake Dalitso, oyandikana nafe nyumba ku Chongwe, anabwera kudzandibwereka kwa amayi. Anati gulu lawo likusonkhetsa ndalama zogulira ana amasiye nsapato, ndipo akufuna mwana wonyamula chitini. Amayi anandisambitsa, nandiveka diresi la manja aatali lobisa chipsera cha phala lomwe linanditayikira ndili khanda.

Titatsika minibasi ku Silverest, amake Dalitso anandipinda dzanja la diresi mpaka paphewa. Anandivulanso nsapato n'kuziponya m'chikwama chawo.

"Usakambe chilichonse, iwe. Uziyang'ana chabe pansi monga umachitira masiku onse."

Manyazi anga aja ndi amene anadzabwereka. Kwa aliyense woima pamsewu ankati, "Onani, bwana, alibe amake uyu, anapsa pamoto." Amayi anga, amene anandipaka mafuta m'mawa womwewo, anafa tsiku lonse pakamwa pa mayiyo. Miyala inkandiwotcha kumapazi.

Masana kunafika gogo wina wogulitsa chimanga chophika, beseni lili pamutu. Anandigwira chipsera ndi zala zokhakhala, namasula mfundo ya chitenje chake, naponya ndalama m'chitini.

"Inali ya minibasi iyi, mwanangu. Nizayenda chabe, miyendo nili nayo."

Dzuwa litapendeka, amake Dalitso anakhala kuseri kwa shopu, namatula selotepi ya pachivindikiro ndi chikhadabo. Basi, chitini chatseguka. Ndalama zinalowa m'kamisolo, zina zinagula nkhuku yokazinga ndi tchipisi. Ine anandipatira mwendo.

"Idya, wasewenza ntchito. Amako ukawauze kuti zinayenda bwino."

Tili m'minibasi yobwerera, ndinamuona gogo uja akuyenda m'mbali mwa msewu, beseni pamutu, fumbi la magalimoto likumuwaza. Mwendo wa nkhuku unali udakali m'dzanja langa, mafuta akutsikira kuchipsera. Kunyumba ndinafotokozera amayi zonse, ndipo sanandibwereketsenso kwa munthu.

Tsopano ndili ku sekondale, ndipo manyazi sanandichoke. Koma wina akandiyandikira ndi chitini, ndimafunsa motsitsa mawu kuti chilolezo chawo chili kuti, ndi kuti adzatsegule ndani, pamaso pa yani. Ena amakwiya. Ndimawasiya akwiye. Ndinaphunzira kuti chitini chimene munthu mmodzi angatsegule ndi chikhadabo si cha amasiye, ndipo amene amalipira ndi gogo wobwerera kwawo wapansi.